Kuphunzitsa othandiza mabanja osowa pokhala m'chigwa cha Shire: njira iti imathandiza banja kukhazikika?

Madzi akaphwera m'chigwa cha Shire, makampu amayamba kutsekedwa. Aphunzitsi amafuna makalasi awo, mipingo imafuna matchalitchi ake, ndipo mabanja amene nyumba zawo zinapita ndi madzi amauzidwa kuti abwerere kwawo kapena asamukire kumtunda. Magalimoto a chithandizo amayamba kuchepa pamsewu wa M1. Amene amatsala ndi mabanjawo ndi anthu a konkuno: a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi, amene ambiri timawatchabe a VCPC, mavolontiya a Red Cross, alangizi a chitukuko ndi a zaumoyo, oteteza ana, ogwira ntchito ku ofesi yosamalira anthu, amisiri omanga, mafumu, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Ndikufuna tione mmene anthu amenewa angaphunzitsidwire, chifukwa ndalama za maphunziro zimabwera ndithu, koma nthawi zambiri sizigwera pamene pakufunikadi.

Zatichitikira kangapo m'zaka zochepa. Mu Januwale 2015 madzi anasamutsa anthu pafupifupi 230,000 m'dziko muno, ndipo mtsinje wa Ruo unasintha njira n'kuzinga dera la Makhanga ku Nsanje. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe motsatizana, kenako Freddy mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 650,000 alibe pogona m'chigawo cha kummwera. Nsanje ndi Chikwawa sizinapulumuke ulendo ndi umodzi womwe. Alipo mabanja amene amanga kangapo pamalo amodzimodzi, ndipo ulendo uliwonse madzi amabwereranso, poti madzi saiwala khwawa.

Alipo enanso amene analandira malo kumtunda, mwina ndi malata ndi simenti zomwe, koma chaka chisanathe anali atabwerera kumadimba. A m'tauni amati n'kusamva. Wodziwa chigwachi sanganene choncho. Mvula kuno ndi yoperewera, ndipo munda wa kumphala ukhoza kupserera mu Febuluwale chimanga chisanakhwime. Chimene chimadyetsa banja ndi dimba, kumene madzi amasiya dothi lachonde ndi chinyontho chodzalapo chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe. Nsomba zili ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi. Manda a makolo ali komweko. Mfumu ikasamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo wopempha. Nkhani ya anthu a kwa Nyachikadza ku Nsanje, amene akhala akuuzidwa kwa zaka zambiri kuti asamuke, yagona pa zinthu zomwezi.

N'chifukwa chake njira iliyonse ya maphunziro ndikuiyesa ndi funso limodzi: kodi wophunzitsidwayo angathe kuthandiza banja kupeza malo ndi nyumba, banjalo n'kupezekabe pomwepo dzinja lotsatira litadutsa?

Maphunziro a masiku ochepa muholo

Njira iyi aliyense amaidziwa. Anthu amaitanidwa ku Nchalo, ku Bangula, paboma kapena ku Blantyre kumene, amakhala masiku atatu kapena asanu, amalandira alawansi ndi satifiketi, n'kubwerera kwawo. Ubwino wake ulipo ndithu. Pali zinthu zimene munthu amangofunika kuzimva bwinobwino, kuzilemba ndi kuzikumbukira. Miyezo ya Sphere, imene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira padziko lonse, imati munthu aliyense akhale ndi malo ofoleredwa osachepera masikweya mita 3.5, chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, munthu apeze malita 15 a madzi patsiku, ndipo kotunga madzi kusatalikire mamita 500. Wa komiti wodziwa manambalawa amatha kuima pamaso pa bwana wochokera kulikulu n'kunena mwaulemu kuti malo atsopanowa sanakonzeke kulandira anthu. Lamulo loyendetsera za ngozi la 2023, limene linalowa m'malo mwa la 1991, nalonso limafuna wolilongosola, kuti anthu adziwe udindo wa DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), wa khonsolo ndi wa komiti ya m'mudzi. Kalembera wa mabanja, kusunga chinsinsi cha anthu, ndi lamulo loti wothandiza asapemphe kanthu kalikonse, makamaka thupi la mayi kapena la mtsikana, posinthana ndi tenti kapena dzina pamndandanda, zonsezi zimaphunzitsika muholo.

Koma oitanidwa amakhala omwe aja: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Mayi amene amayendadi khomo ndi khomo amatsala kumudzi chifukwa sadziwa kulemba mofulumira kapena alibe womusiyira ana. Za alawansi sindikunyoza, munthu wasiya ganyu ndi dimba kwa sabata yathunthu ndipo ayenera kudya. Kungoti ndalamayo ikakula, mpando wa muholo umayamba kugawidwa ngati mphotho. Palinso chilankhulo. Zolemba zimabwera m'Chingerezi, wophunzitsa amamasulira m'Chichewa, pomwe agogo a kwa Tengani kapena kwa Ndamera akamadandaula amadandaula m'Chisena. Wothandiza amene sanayeserepo kufotokoza nkhani ya malo m'chilankhulo cha anthu ake amakakamira pa chiganizo choyamba.

Ine ndimaona kuti njirayi ikhale ya masiku awiri, ichitikire kwa mfumu yaikulu kapena pasukulu ya m'deralo mu Okutobala mvula isanayambe, ndipo itengedwe ngati chiyambi chabe. Banja lopeza pogona usiku woyamba lingapindule nayo. Kuti likhazikike, payokha siikwanira.

Mchimwene wake wa njirayi ndi uja woti muphunzitse anthu ochepa paboma, iwo akaphunzitse a kudera, a kudera akaphunzitse a m'mudzi. Pamapepala imafika kutali ndi ndalama zochepa. Pofika kwa nyakwawa, phunziro la masiku asanu lasanduka la ola limodzi pansi pa mtengo, ndipo zotsala ndi mitu yokhayokha. Imagwira pa uthenga waufupi, monga tanthauzo la mitundu ya pa chipilala choyezera madzi mumtsinje kapena njira yothawira. Luso lomvetsera munthu wosweka mtima silingayende mwanjira imeneyi.

Kuphunzitsa amisiri pamalo omangapo

Apa zinthu zimayamba kugwirika. Amisiri a m'mudzi momwemo amasonkhana kwa masabata angapo, n'kumanga nyumba yeniyeni ya banja lenileni, mlangizi wodziwa ntchito ali pambali. Unduna woona za malo ndi nyumba uli ndi malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira zoyesera ndi kuvomereza luso la mmisiri ngakhale amene anaphunzirira pa ntchito.

Zoti aphunzire n'zodziwika. Kusankha malo poyang'ana pamene madzi anafika chaka choipitsitsa, pofunsa akuluakulu ndi kuona zizindikiro pa mitengo. Kukweza maziko kuti pansi pa nyumba pakhale pamwamba kuposa bwalo. Kumangira maziko ndi mizere yoyambirira ndi simenti, chifukwa nyumba zambiri zimagwa madzi akanyowetsa dothi lomangira m'munsi, khoma n'kukhala pansi. Kuyala pepala lapulasitiki lotchinga chinyontho pamwamba pa maziko. Kuthira bimu yozungulira pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Kumangirira denga kukhoma ndi waya, poti mphepo ya mkuntho ya mu Novembala imasasula madenga ngakhale chaka chimene madzi sanasefukire. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo khonde lozungulira limateteza khoma ku mvula.

Mlangizi wochokera kumtunda kozizira ayeneranso kuphunzira kwa amisiri a kuno. Dothi la makande la ku Ngabu limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma, ndipo maziko osaya amang'aluka nalo limodzi. Kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, choncho nyumba ya malata yaifupi, ya tiziwindo tating'ono, anthu saigonamo. Amagona panja, kumene kuli udzudzu. Chiswe chimadya mitengo ya denga yosathira mankhwala. Ndipo kuyambira 2018, pamene njerwa zootcha ndi nkhuni zinaletsedwa pa zomanga za boma ndi zamalonda, mmisiri amene sadziwa kuumba ndi kumangira mabuloko a simenti amaphonya ntchito zambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa njirayi ndi nyumba yachitsanzo yodula kwambiri. Ikakhala ya simenti kuyambira pansi mpaka pamwamba, anthu amaisirira, koma mlimi wa mapira ndi thonje sangaitengere. Amabwerera kukamanga monga kale. Maphunziro abwino amange nyumba ziwiri: ina ya ndalama za bungwe, ina ya zidina imene simenti yake yochepayo yaikidwa pamene ikufunikitsitsa, m'maziko ndi m'munsi mwa khoma. Aphunzitsenso kukonza nyumba yong'aluka, poti si zonse zimagweratu. Pali njira ya PASSA, yochokera ku Red Cross ya padziko lonse, imene imasonkhanitsa anthu a m'mudzi kuti aone okha zofooka za nyumba zawo pogwiritsa ntchito zithunzi; ikatsogola, mmisiri savutika kufotokozera mwininyumba chifukwa chimene akufunira thumba lina la simenti.

Amayi ndi atsikana alowemo m'maphunzirowa, osangokhala otunga madzi a simenti. Ndipo bungwe lophunzitsa liwalembe ntchito amisiri omwewo likayamba kumanga, apo ayi amapita kukafuna ntchito ku Blantyre kapena ku Mozambique, luso n'kupita nawo.

Pa muyeso wanga uja, njirayi imayankha mbali imodzi mwamphamvu: nyumba iima. Siyankha ngati malo amene yaimapo ndi a banjalo, ndipo siyankha za chakudya.

Nkhani ya malo ndi kuyanjanitsa anthu

Mbali iyi ndi imene imasiyidwa kawirikawiri, mwina chifukwa ilibe chojambula. Banja likhoza kulandira nyumba yokongola, koma ngati mwini munda umene anamangapo sanalandire chipukuta misozi chimene analonjezedwa, kapena ana ake a ku Johannesburg sanafunsidwe, mkangano umadzabuka bungwe litachoka. Osamukawo amayamba kumva mawu pamjigo: malo ano si anu. Ena amaletsedwa kudzala mitengo kapena kuika maliro pamalopo. Munthu woletsedwa kuika maliro amadziwa kuti ndi wodutsa.

Othandiza ayenera kudziwa lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022. Lamuloli linabweretsa makomiti a malo kwa gulupu, okhala ndi gulupuyo ngati wapampando ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo amayi. Linatsegulanso njira yoti banja lilembetse malo ake n'kukhala ndi chikalata, ndiponso mabwalo oweruza mikangano ya malo. Ku Chikwawa kulembetsa kotere kwachitika m'madera a pulojekiti yaikulu yothirira ya Shire Valley Transformation Programme, kotero alipo anthu a konkuno amene anaiona ntchitoyi ndi maso ndipo angaphunzitse anzawo. Ngakhale kumene kulembetsa sikunafike, wothandiza aphunzire kulemba pangano lomveka m'Chichewa kapena m'Chisena: malire ali pati, wapereka ndani, walandira chiyani, mboni ndani, kodi osamukawo ali ndi ufulu wodzala mitengo, kumanga khola ndi kuika maliro. Pepalalo likhale ndi banja, kwa mfumu ndi kukhonsolo.

Dzina lolembedwa papepalalo ndi nkhani yaikulu. M'chigwachi muli miyambo iwiri yoyandikana. Kwa Asena mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, ndipo malo amayenda kuchimuna. Kwa Amang'anja mwambo wakale ndi wa chikamwini. Wothandiza amene anaphunzira njira imodzi yokha amalakwitsa theka la makomo. Mayi wamasiye wa kuchimuna akhoza kuthamangitsidwa m'nyumba imene bungwe linamangira ana ake ngati dzina linali la malemu lokha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo wothandiza adziwe kokatula nkhaniyo: kwa mfumu, ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa bwanamkubwa. Pa mitala napo pamafunika kufunsa mosamala, chifukwa kalembera akawerenga bambo ngati khomo limodzi, mayi wachiwiri ndi ana ake amatsala panja.

Tisaiwale ochita lendi. Ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi pa Nsanje boma kuli anthu ambiri okhala m'nyumba za eni: odula nzimbe a nyengo, a kabaza, amayi ogulitsa pamsika. Nyumba ikagwa, wolembedwa ndi mwininyumba, pomwe amene anagona panja ndi wa lendi. Kwa amenewa chothandiza ndi ndalama ya lendi ya miyezi ingapo, pangano lolemba ndi mwininyumba, ndi munthu wowayanjanitsa lendi ikachedwa.

Maphunziro amenewa asachitike kwa a komiti okha. Pakhale mafumu a mbali zonse ziwiri, olandira ndi osamuka, ndipo ayeserere milandu yofanana ndi imene amakumana nayo. Olandira alendo nawonso ndi osauka. Akaona mjigo, malata ndi ufa zikupita kwa obwera okha, chidani chimamera. Wophunzitsidwa bwino amaiona nkhaniyi isanakule n'kuumirira kuti mjigo ukhale wa onse. Amadziwanso kufunsa ngati madzi ayesedwa, pakuti m'madera ambiri a Chikwawa mijigo imatulutsa madzi a mchere, ndipo mudzi wopanda madzi akumwa anthu sakhalitsamo.

Kuphunzira poyenda ndi banja

Njira imene ine ndimaiika patsogolo ndi iyi. Wothandiza amapatsidwa mabanja ake owerengeka, amawayendera kuyambira ali kukampu mpaka atakhazikika, ndipo iye mwini ali ndi womuyang'anira wodziwa ntchito amene amapita naye kumakomo, kumvetsera mmene akuyankhulira, n'kukambirana naye pobwerera.

Maganizowa ali ndi mbiri yake kunja. Ku New York mu 1992, Sam Tsemberis anayambitsa njira yotchedwa Housing First, yoti munthu wogona mumsewu apatsidwe nyumba poyamba popanda kumuikira zoti ayambe wasiya mowa kapena wachira, kenako chithandizo chizimutsata kunyumbako. Dziko la Finland linaitenga ngati ndondomeko ya boma kuyambira 2008, ndipo chiwerengero cha anthu osowa pokhala kwa nthawi yaitali chinatsika kwambiri. Ku New York komweko kunachokeranso njira ya Critical Time Intervention, imene imati miyezi yoyamba munthu atangolowa m'nyumba ndi yoopsa kuposa ina yonse, choncho wothandiza amamutsata kwa miyezi isanu ndi inayi m'magawo atatu, akumachepetsa maulendo pang'onopang'ono uku akumulumikiza kwa anthu ndi maofesi amene adzatsale naye.

Sitingazitenge zonse. Kumeneko nkhani ndi ya lendi, nyumba zosanjikizana ndi ndalama za boma zolipirira. Kuno ndi ya munda, madzi ndi mfumu. Koma ziwiri zikutikwanira. Choyamba, pokhala pasakhale mphotho ya khalidwe labwino: bambo womwa mowa, mayi wodwala maganizo amene amagona pakhonde la sitolo pamsika, mnyamata wotuluka kundende, onsewa amafunika denga kuti zina zitheke. Chachiwiri, ntchito siithera pa tsiku lopereka makiyi. Kungoti miyezi isanu ndi inayi kwa ife ndi yochepa. Banja losamuka mu Epulo liyenera kudutsa nyengo ya madimba, kutentha kwa Okutobala, mvula yoyamba, ndi njala ya Januwale mpaka Malichi. Chaka chathunthu cha ulimi ndiye muyeso wake.

Kodi wothandiza amaphunzira chiyani m'chakachi? Amaphunzira kufunsa asanalangize. M'malo mouza banja kuti lisabwererenso kudimba, amafunsa kuti dimbalo lili mtunda wotani, amapitako bwanji, ndani amagona komweko. Nthawi zambiri yankho labwino ndi pokhala pawiri: nyumba yeniyeni kumtunda, kumene kuli ana, agogo, mbewu ndi ziweto, ndi chisakasa kudimba cha nyengo yolima, chimene onse agwirizana kuti chizisiyidwa mvula ikayamba. Wothandiza woletsa zimenezi amangophunzitsa anthu kumubisira.

Amaphunzira kuona zizindikiro zoti banja latsala pang'ono kuchoka. Chimbudzi sichinakumbidwe patatha miyezi itatu. Palibe khola, palibe mtengo wodzalidwa. Ana sanalembetse pasukulu yapafupi. Malata ena asowa padenga la khitchini chifukwa agulitsidwa kuti agule ufa. Mayi sanalowe gulu lililonse la mpingo kapena la banki m'khonde. Zimenezi sizilembedwa m'buku la maphunziro a muholo; womuyang'anira amachita kumulozera ali pakhomo pomwepo, ndipo ulendo wotsatira amaziona yekha.

Amaphunziranso makomo a maofesi. Ndani amalemba anthu a Mtukula Pakhomo, ndipo banja likasamuka dzina lake limatsatira bwanji. Chiphaso cha unzika chikapita ndi madzi amayambira kuti. Munthu wa ma ARV, wa shuga kapena wa khunyu amene buku lake la kuchipatala linatayika alumikizidwe bwanji ndi chipatala chapafupi mankhwala asanamuthere. Mwana amene akuzunzidwa nkhani yake ipite kwa woteteza ana kapena pa nambala yaulere ya 116. Mkulu wolumala afunika khomo lotambalala ndi chimbudzi chofikirika. Ndipo amaphunzira kukhala chete pamene munthu akulira. Ambiri mwa osamukawa anataya abale m'madzi, ena mitembo sinapezeke n'komwe, ndipo mvula ikayamba kugunda pamalata usiku tulo sabwera. Wothandiza si dokotala, koma adziwe kumvetsera ndi kuzindikira nthawi yotumiza munthu kuchipatala.

Pamwezi kamodzi othandiza a dera limodzi amakumana ndi wowayang'anira, aliyense n'kubweretsa khomo limodzi limene lamukanika, osatchula maina. Msonkhano umenewu ndiwo kalasi yeniyeni. Umathandizanso othandizawo, amene ambiri mwa iwo nyumba zawo zinagwanso ndipo akusenza mavuto a ena pamwamba pa awo.

Kuipa kwake n'koti ndi yodula mwakachetechete. Imafuna njinga, mayunitsi, mafuta a njinga yamoto ya woyang'anira, ndalama ya boti kapena bwato kwa a kutsidya la kummawa kwa Shire, ndi kangachepe ka mwezi ndi mwezi ka volontiya. Imafuna kuti mabanja a munthu mmodzi akhale ochepa. Ine ndinganene osapitirira 20, ndipo ocheperapo ngati midzi ili motalikirana. Zipatso zake siziwoneka msanga, pomwe ndalama za ngozi nthawi zambiri zimatha m'miyezi yochepa. Ndipo woyang'anira akakhala wolalata kapena wongofuna malipoti, njira yonse imafa.

Koleji, foni ndi wailesi

Maphunziro aatali ali ndi malo ake. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko ndi osamalira anthu kwa zaka zambiri, ndipo Catholic University ku Nguludi imaphunzitsa ntchito yosamalira anthu mpaka digiri. Woyang'anira amene ndanena uja amachokera kumeneku. Vuto ndi loti amatenga zaka, ndipo ambiri otumizidwa kuchigwa amangodikira tsiku losamutsidwa. Khonsolo kapena bungwe lofuna phindu lokhalitsa lilipirire achinyamata a ku Nsanje ndi ku Chikwawa komweko, odziwa Chisena ndi Chimang'anja, pa pangano loti adzagwire kwawo zaka zingapo.

Gulu la WhatsApp ndi lothandiza pokumbutsana, kutumizirana chithunzi cha khoma long'aluka kuti mlangizi aone, ndi kufalitsa uthenga wa a zanyengo. Mawailesi a m'madera amafika kwa amene alibe foni yamakono. Koma tisaiwale kuti namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anavuta kwa nthawi yaitali. Foni imazima pa nthawi imene ikufunikitsitsa. Komanso nkhani za mabanja zisamaponyedwe pagulu ndi maina ndi zithunzi. Izi ndi zothandizira njira zina, sizingaime pazokha.

Ndalama zikakhala zochepa

Komiti ya mpingo kapena bungwe laling'ono la m'dera, limene silingakwanitse zonse, liyambe ndi ziwiri: tsiku limodzi kapena awiri a nkhani ya malo pamodzi ndi mafumu, ndi kugawana mabanja oti aziyenderedwa, n'kupempha mlangizi wa boma wa m'deralo kuti azikhala nawo pamsonkhano wa pamwezi. Zimenezi zimafuna njinga ndi makope kuposa holo. Bungwe limene likumanga nyumba liike maphunziro a amisiri m'kati mwa ntchito yomangayo, ndipo lisathire maziko pangano la malo lisanasainidwe. Khonsolo, imene imaona mapulani a mabungwe onse, ili ndi mphamvu yokana kuti anthu omwe aja aphunzitsidwe kachitatu za kuyendetsa kampu pomwe palibe amene akulipira woyang'anira.

Nyengo nayo imalamula. Nkhani ya malo ikambidwe anthu akadali kukampu, mu Malichi ndi Epulo, asanabalalike. Amisiri aphunzire kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene misewu ya kutsidya la kummawa yauma, mchenga ukupezeka ndipo dzuwa silinafike poopsa. Maphunziro a muholo abwere mu Okutobala. Kuyendera mabanja kuyambe tsiku losamuka, kuchuluke m'miyezi itatu yoyamba, kudzachulukenso mu Januwale ndi Febuluwale.

Wina akabwera ndi pulogalamu ya maphunziro, a komiti ndi mafumu amufunse asanavomere: ophunzirawo asankhidwa bwanji, ndipo amayi ndi angati? Aphunzira m'chilankhulo chanji? Ndani adzawayendere pakatha mwezi, ndipo mafuta ake alipira ndani? Mu lipoti lomaliza mudzalembedwa chiwerengero cha anthu amene anakhala muholo, kapena cha mabanja amene adzapezeke m'nyumba zawo mu Epulo wa chaka chamawa? Mayankho alembedwe m'buku la komiti, ndipo kope lina lipite kwa mfumu yaikulu ndi kukhonsolo.